The Elder Scrolls VI: chimene okonda Skyrim akudikira ndi chimene akuopa

Mu Juni 2018, pa chionetsero cha magemu cha E3 mumzinda wa Los Angeles, Todd Howard wa kampani ya Bethesda Game Studios anaonetsa kakanema kosakwana mphindi imodzi. Munalibe munthu, munalibe wolankhula. Kamera inangouluka pamwamba pa mapiri a nkhungu, kenako kunaoneka gombe la nyanja, n'kutulukira dzina: The Elder Scrolls VI. Anthu m'holomo anakuwa ndi chimwemwe. Kuyambira tsiku limenelo kampaniyo sinaonetsenso kanema wina wa gemuyi, sinanene tsiku loitulutsira, ngakhale dera limene nkhani yake idzachitikire sinalitchule. Gemu imene ikuyenera kulowedwa m'malo, Skyrim, inatuluka pa 11 Novembala 2011. Mwana amene anabadwa tsiku limenelo pano ndi wa msinkhu wa ku sekondale.

Kwa amene sazolowera magemu a mtundu wa RPG, nkhani yake ili motere. Wosewera amadzipangira munthu wake, kusankha mtundu wake ndi nkhope yake, kenako amamulowetsa m'dziko lopeka. Munthuyo amakula malinga ndi zimene ukumuchititsa: ukamamenya nkhondo ndi lupanga, luso la lupanga limakwera, ukamazembera anthu ndi kuwabera, umasanduka katswiri wa kuba. Magemu a The Elder Scrolls amachitikira pa chigawo chopeka cha Tamriel, ndipo kuyambira pa gemu yachitatu iliyonse imatenga dera limodzi. Yoyamba inali Arena mu 1994, kenako Daggerfall mu 1996, Morrowind mu 2002, Oblivion mu 2006, ndi Skyrim mu 2011. Mukawerengera muona kuti mpata wotalika kwambiri pakati pa magemu awiri unali zaka 6. Mpata wa pano waposa kale pamenepo kawiri.

Skyrim inagulidwa makope oposa 60 miliyoni, malinga ndi zimene Howard ananena mu 2023, ndipo yatulutsidwanso kangapo: ya zithunzi zokonzedwanso mu 2016, ya pa Nintendo Switch mu 2017, ya chikumbutso cha zaka 10 mu 2021. Koma chiwerengero chokha sichifotokoza chifukwa chimene anthu amaikondera. Aliyense amene anaisewera ali ndi nkhani yofanana. Wauzidwa kuti upite ku mzinda wa Whiterun kukachenjeza mfumu za chinjoka. Uli m'njira waona phanga, walowamo. M'phangamo wapeza mtembo wa munthu ali ndi kalata m'thumba. Kalatayo ikutchula malo ena kuseri kwa phiri. Pofika madzulo wayiwala za chinjoka, uli m'mudzi umene sumaudziwa, ukuthandiza mayi wina kufuna mwana wake. Kusocheretsedwa kokoma kumeneku ndiko chuma chenicheni cha Bethesda. Nkhani yaikulu ya Skyrim si yozama kwenikweni, ndipo kamenyedwe ka nkhondo n'kosavuta. Koma dziko lake linakonzedwa ndi manja a anthu, mwala ndi mwala, moti sungayende mphindi ziwiri osakumana ndi kanthu kokukopa. Ine ndimakhulupirira kuti funso lonse la The Elder Scrolls VI lagona pamenepa, ndipo mikangano ina yonse ya pa intaneti ndi nthambi chabe.

Chiyembekezo chachikulu cha okonda gemuyi chili pa dera. Anthu anaunika kakanema ka 2018 kaja kachithunzi ndi kachithunzi, kuyerekeza mapiri ndi gombe ndi mapu a Tamriel, ndipo ambiri anagwirizana pa madera awiri oyandikana: Hammerfell ndi High Rock. Bethesda sinavomereze kapena kukana. Hammerfell ndi kwawo kwa a Redguard, anthu akhungu lakuda odziwika ndi luso la lupanga ndi kuyenda panyanja, amene makolo awo anachokera ku chigawo cha Yokuda chimene chinamira. Kuli chipululu cha Alik'r, kuli madoko, kuli mbava za panyanja. Pambuyo pa chipale ndi mapiri ozizira a Skyrim, dzuwa ndi mchenga zingakhale zatsopano m'maso. Koma chimene chimakoka anthu kwambiri ndi ndale za nkhaniyo. Skyrim isanayambe, Ufumu Waukulu unagonja kwa gulu la Thalmor ndipo unasaina pangano lotchedwa White-Gold Concordat, limene linaletsa kupembedza mulungu Talos ndi kupereka gawo la Hammerfell kwa adani. A Redguard anakana panganolo, Ufumu unawasiya okha, iwo anapitiriza nkhondo mpaka adaniwo anachoka. Ndi anthu okhawo amene anaima nji pamaso pa a Thalmor. Skyrim inatha nkhondo yachiwiri ikununkha, ndiye n'zomveka kuti anthu akuyang'ana ku Hammerfell.

Apa pali vuto limene olemba nkhani ya gemu yatsopano sangalizembe. Mu Skyrim wosewera amasankha mbali pa nkhondo yapachiweniweni: kuthandiza Ufumu kapena kuthandiza zigawenga za Ulfric Stormcloak. Mamiliyoni anasankha uku, mamiliyoni ena uko. Gemu yatsopano idzati anapambana ndani? Bethesda inakumanapo ndi zotere. Daggerfall inali ndi mathero angapo otsutsana, ndipo kampaniyo inathetsa vutolo ponena kuti nthawi inasweka, mathero onsewo anachitika pamodzi. Okonda mbiri ya Tamriel amaitcha nkhaniyi Warp in the West. Njira imeneyi inagwira kamodzi. Kuibwereza kungaoneke ngati kuthawa funso, koma kusankha mbali imodzi kungauze theka la osewera kuti nkhondo yawo inali yopanda pake.

Kukayikira kunayamba pang'onopang'ono. Miyezi isanu kuchokera pa chilengezo cha 2018 chija, Bethesda inatulutsa Fallout 76, gemu ya pa intaneti imene inabwera yodzaza ndi zolakwika, yopanda anthu olankhula nawo m'dziko lake kupatula osewera anzako ndi maroboti. Amene anagula phukusi lodula la madola 200 analonjezedwa chikwama cha nsalu yolimba, koma analandira cha nayiloni. Gemuyo inakonzedwa m'zaka zotsatira ndipo lero ili ndi oikonda, koma dzina la kampani linali litadetsedwa. Kale anthu ankaseka zolakwika za Bethesda: chimphona kukumenya chibonga iwe n'kuuluka mpaka kumitambo, kapena kuvundikira ndowa kumutu kwa wogulitsa m'sitolo n'kumubera katundu yense iye osaona. Pambuyo pa Fallout 76 kusekako kunachepa.

Koma chimene chinagwedeza chikhulupiriro kwambiri ndi Starfield, imene inatuluka pa 6 Sepitembala 2023. Iyi ndi gemu ya m'mlengalenga imene gulu la Howard linathera zaka zambiri likupanga, ndipo ndiyo inachedwetsa The Elder Scrolls VI. Analengeza mapulaneti oposa 1,000. Palibe gulu la anthu limene lingakonze mapulaneti 1,000 ndi manja, ndiye ambiri anapangidwa ndi kompyuta: pulogalamu imayala nthaka, miyala ndi zomera, kenako imamwaza nyumba zotengedwa m'gulu la nyumba zokonzedwa kale. Zotsatira zake osewera anaziona msanga. Utera pa pulaneti, uyenda mphindi zingapo m'dera lopanda kanthu, upeza fakitale yosiyidwa. Utera pa pulaneti lina kutali, upeza fakitale yomweyo, mtembo uli pakhomo lomwelo, kalata yomweyo ili patebulo lomwelo. Kuyenda pakati pa malo kunali kusankha dzina pa mapu n'kudikira loading, nthawi imene gemu imaima kaye kuti itsegule malo atsopano. Anthu atadandaula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mayankho ena a kampaniyo anati amene anapita ku mwezi sanapezeko kanthu koma sananyong'onyeke. Yankho limeneli linangothira mafuta pamoto.

Starfield si gemu yoipa. Kupanga chombo chako n'kosangalatsa, kuwomberana kuli bwino kuposa m'magemu akale a kampaniyi, ndipo nkhani za magulu ena zinalembedwa mwaluso. Koma chinthu chija chimene chinapangitsa Skyrim kukhala Skyrim, kusochera m'njira, munalibe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kunja kukula kochititsa kaso, m'kati kubwereza. Ndiye wokayikira amafunsa kuti, kodi Bethesda ikudziwa chimene anthu amaikondera? Woyembekezera amayankha kuti vutolo linachokera ku mlengalenga, kumene mwachibadwa kuli mtunda wopanda kanthu, ndipo gemu ya dera limodzi la pansi singagwe m'dzenje lomwelo. Yankho ili lili ndi mphamvu. Komabe mbiri ikutikumbutsa kuti chilakolako cha kukula si chachilendo m'banja la magemu awa. Dziko la Daggerfall linali lalikulu kuposa Malawi yense, pafupifupi lonse lopangidwa ndi kompyuta, ndipo anthu ochepa kwambiri ankaliyenda wapansi. Morrowind inabwera ndi chilumba chaching'ono chokonzedwa ndi manja, ndipo ndiyo inapulumutsa kampaniyo pa nthawi imene inali pamavuto a zachuma. Phunzirolo Bethesda inaliphunzira kale mu 2002. Chodetsa nkhawa n'chakuti mu 2023 inaoneka ngati yaliyiwala.

Pali gulu lina la okayikira limene dandaulo lawo ndi lakale kuposa Starfield. Awa ndi amene anakulira pa Morrowind. Iwo amawerenga motere: Morrowind inali ndi maluso 27, Oblivion 21, Skyrim 18. Skyrim inachotsa zikhalidwe za munthu monga mphamvu, nzeru ndi changu, n'kusiya zitatu zokha: moyo, mphamvu ya matsenga ndi mpweya wothamangira. Inachotsanso mwayi wodzipangira matsenga ako. Matsenga oulukira anatha kale mu Oblivion, pamene mizinda ikuluikulu inatsekeredwa m'malinga olowera kudzera pa loading. Mu Morrowind munalibe kamuvi kokulozera kopita. Munthu ankakuuza kuti tsata msewu, ukafika pa mlatho ukhotere kumanzere, ndipo ukasochera linali vuto lako. Unkatha kupha munthu wofunika pa nkhani, gemu n'kungokuchenjeza kuti wadula ulusi wa ulosi. Kuti ukwere udindo m'gulu la amatsenga unkayenera kudziwadi matsenga. Mu Skyrim ungathe kukhala mkulu wa sukulu ya amatsenga ya ku Winterhold ukudziwa matsenga owerengeka, komanso nthawi yomweyo kukhala mtsogoleri wa mbava za ku Riften, wa achiwembu, ndi wa ankhondo. Palibe khomo limene limakutsekekera chifukwa cha zimene wasankha.

Pa mfundo iyi ndili mbali ya odandaulawo, ngakhale si pa zonse. Kuchepetsa manambala si tchimo. Skyrim inafikira anthu ambiri chifukwa sinkafuna kuti uyambe wawerenga buku. Chimene chinatayika n'chakuti zosankha zako sizikuwawa. Ndipo pano dziko la magemu laonetsa kuti anthu wamba amakonda zosankha zowawa. The Witcher 3 ya kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red inatuluka mu 2015 ndi tinkhani tapambali tolembedwa mozama ngati nkhani yaikulu. Elden Ring ya ku Japan mu 2022 inaponya osewera m'dziko lopanda timivi tolozera, anthu n'kuigula mamiliyoni. Ndiye kunabwera Baldur's Gate 3 ya Larian Studios ya ku Belgium, mu Ogasiti 2023, mwezi umodzi wokha Starfield isanatuluke. Ndi gemu ya malamulo ambiri, yomenyana mosinthana, imene ambiri ankaganiza kuti ndi ya akatswiri okha. Inatenga mphoto ya gemu yopambana ya chaka chimenecho pa The Game Awards. M'menemo munthu amene wamupha wapita, ndipo nkhani imapindika kutsata zimene wachita. Osewera amene anachoka kumeneko n'kulowa mu Starfield anapeza anthu oima chilili, oyang'ana m'maso osaphethira bwino, ofunika pa nkhani osapheka. The Elder Scrolls VI sidzayerekezedwa ndi Skyrim yokha. Idzayerekezedwa ndi zonsezi.

Mkangano wa injini ndi umene umamveka kwambiri, koma ndi umene anthu amaumvetsa pang'ono. Injini ndi pulogalamu ya pansi imene gemu imamangidwapo: ndiyo imayendetsa zithunzi, kugwa kwa zinthu, nzeru za anthu a m'gemu. Bethesda imagwiritsa ntchito yakeyake, Creation Engine, imene mizu yake imafika ku injini ya nthawi ya Morrowind. Starfield inamangidwa pa Creation Engine 2, ndipo Howard ananena kuti The Elder Scrolls VI idzamangidwa pa maziko omwewo atawonjezeredwa. Ambiri amati itayidwe, atenge injini ya Unreal imene makampani ena ambiri amagwiritsa ntchito. Koma injini imeneyi imachita chinthu chimene zina sizichita mophweka: imakumbukira chinthu chilichonse. Supuni, buku, chibuluma cha tchizi, chilichonse ungachinyamule, ndipo ukachisiya m'nyumba yako udzachipeza pomwepo pakapita maola ambiri. Munthu aliyense wa m'mudzi ali ndi bedi lake, ntchito yake, nthawi yake yodyera. Loading zambiri zija mbali ina ndi mtengo wa kukumbukira kumeneku, chifukwa dziko limagawidwa m'tizigawo kuti kompyuta isalemedwe. Injini yomweyi ndiyonso imalola osewera kupanga ma mod, zowonjezera zimene zasunga Skyrim ya moyo zaka zonsezi. Ena anakonza zolakwika zimene kampani inasiya, ena anamanga magemu athunthu: Enderal ya gulu la ku Germany, ndi The Forgotten City imene inayamba ngati mod n'kudzagulitsidwa payokha mu 2021. Kutaya injini kungathetse madandaulo ena, koma kungadulenso muzu umenewu. Mu Epulo 2025 kunatuluka Oblivion Remastered, imene inavala zithunzi za Unreal Engine 5 pamwamba pa injini yakale, ndipo osewera 4 miliyoni anailowa m'masiku ochepa oyambirira. Izi zinaonetsa kuti njala ya magemu a mtundu umenewu ikadalipo, ngakhale mafupa ake ndi a 2006.

Za ndalama ndi umwini n'zachidule koma n'zofunika. Microsoft inagula ZeniMax Media, kholo la Bethesda, pa madola 7.5 biliyoni, ndipo malondawo anamalizika mu Malichi 2021. Poyamba Starfield inatuluka pa Xbox, makina a magemu a Microsoft, ndi kompyuta zokha. Osewera a pa PlayStation, makina opikisana ndi Xbox, amene ambiri anasewera Skyrim kumeneko, anayamba kuopa kuti atsekeredwa kunja, ngakhale kuti pambuyo pake Microsoft yakhala ikupititsa magemu ake ena ku PlayStation. Mu Meyi 2024 Microsoft inatseka Arkane Austin, imodzi mwa nthambi za banja lomweli. Palinso mbiri ya kugulitsa tizinthu: zovala za hatchi za madola 2.50 mu Oblivion, ndi ma mod olipira amene anayesedwa pa Steam mu 2015 n'kuchotsedwa pasanathe sabata anthu atakwiya. Kwa ife amene timagula bandulo ya intaneti mowerengera, pali nkhawa yoonjezera. Skyrim yoyamba inkafuna malo okwana 6 GB ndipo imayenda pa laputopu yakale. Starfield imafuna 125 GB pa SSD. Gemu yatsopanoyi ikadzafika, ambiri amene anakonda Skyrim pa makina otsika mtengo adzayamba aionera pa YouTube.

Chotsala ndi nthawi yeniyeniyo, imene yasanduka mdani. Mu Juni 2023, pa mlandu wa pakati pa Microsoft ndi bungwe la boma la America la FTC, Phil Spencer wa Xbox anauza khoti kuti gemuyi inali idakali kutali zaka zisanu kapena kuposerapo. Howard mwini anavomera chaka chomwecho kuti akanatha kuilengeza mosakweza fumbi chotere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma munthu akadikira zaka zambiri amamanga gemu yakeyake m'mutu: mizinda yaikulu ya anthu zikwi, zombo za panyanja, nkhondo za magulu, nkhani yozama ngati ya Larian, ufulu wa Morrowind, zonse pamodzi. Bruce Nesmith, mmodzi mwa atsogoleri amene anakonza Skyrim ndipo anachoka kale pa kampaniyo, ananenapo kuti ziyembekezo za anthu zafika poti n'zovuta kwambiri kuzikwaniritsa. Chitsanzo chili pafupi: Dragon Age: The Veilguard ya BioWare inatuluka mu Okutobala 2024, patatha zaka 10 kuchokera pa inzake, ndipo Electronic Arts, kholo la BioWare, inati inafikira osewera pafupifupi 1.5 miliyoni, theka la amene ankayembekezera. Anthu amene anapanga Skyrim anali pafupifupi 100, ambiri m'nyumba imodzi ku Rockville, m'chigawo cha Maryland, moti munthu mmodzi ankatha kuganiza phanga, kulimanga, n'kubisamo kankhani kake popanda kudutsa m'misonkhano yambiri. Lero Bethesda ili ndi antchito mazana angapo m'mizinda inayi, kuphatikizapo Montreal, Austin ndi Dallas. Kuchuluka kwa manja kumabweretsa zithunzi zokongola, koma tinthu tachilendo tija timabadwa kawirikawiri pamene munthu wapatsidwa mpata wochita zake.

Kudikiraku kuli ndi nkhope ya munthu. Shirley Curry, gogo wa ku America amene anatchuka pa YouTube posewera Skyrim ali ndi zaka za m'ma 80, ananena poyera kuti akuopa kuti sadzakhalapo gemu yatsopanoyi ikamadzatuluka. Omutsatira anapempha kampaniyo, ndipo mu 2019 Bethesda inamuitana n'kujambula nkhope yake kuti adzakhale mmodzi mwa anthu a m'gemumo. Mu 2024 gogoyo analengeza kuti wasiya kupanga mavidiyo a magemu, The Elder Scrolls VI isanaonetse ngakhale mphindi imodzi ya kaseweredwe.

Tsiku limene Bethesda idzaonetse kaseweredweko, padzakhala zinjoka kapena zilombo zina, kuwala kwa dzuwa pamchenga, mwina zombo. Ine ndidzayang'ana pamene wosewera watuluka pa chipata cha mzinda n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera ku mzinda wina. Ndidzawerenga kuti papita masekondi angati asanaone utsi kuseri kwa chulu, kapena khomo la phanga, kapena munthu wokhala yekha m'mbali mwa msewu, ndiponso ngati Howard adzanene kuti zimenezo anaziika pamenepo ndi munthu.